Munsi Unandiposa Kuphunzitsa

Lolemba

Ndi sabata yachitatu chiyambireni kuphunzitsa Fizikisi pa sekondale yoyendera ino, ndipo lero ndapunthwa. Ndinalemba pa bolodi mitundu ya energy monga ilili m'buku: kinetic, potential, chemical, kutentha, kuwala, phokoso, magetsi. Ana anakopera mwaulemu. Nditafunsa ngati amva, onse anati, "Eee, aphunzitsi." Eee ameneyu ndayamba kumukayikira.

Pofuna kuwathandiza ndinati energy ndi mphamvu. Mtsikana wina wa kutsogolo anaimika dzanja. "Aphunzitsi, si paja munati force ndiye mphamvu?" Ndinaterodi. Power nayonso ikadzafika ndidzati mphamvu. Zinthu zitatu zosiyana, ife timazitchula dzina limodzi, ndipo ku koleji palibe anandichenjeza.

Lachitatu

Labotale tilibe, choncho ndinabwereka mtondo ndi munsi kwa mayi a nyumba yoyandikana nane. Anyamata anaseka poona aphunzitsi asenza mtondo. Ndinaitana mtsikana uja kuti asinje, enafe tikulondola ulendo wa energy: nsima yomwe anadya dzulo, mikono, munsi uli m'mwamba, munsi ukutsika, kenako phokoso, chimanga chosweka ndi kufunda pang'ono pansi pa mtondo. Tinati munsi ulemere makilogalamu 3, ukwere theka la mita, g tinatenga 10. Yankho la majoule 15 analipeza okha. Mnyamata wina anatulutsa legeni m'thumba, yomwe tsiku lina ndikanamulanda, nafunsa ngati mphira wokokedwa nawonso wasunga energy. Ndinamuombera m'manja.

Lachinayi

Lamulo la conservation, loti energy siilengedwa kapena kuwonongedwa, imangosintha mtundu. Ambiri atamva conservation anaganiza zozimitsa babu masana. Kenako funso linachokera kwa mnyamata wina wa kumbuyo: "Ngati siitha, bwanji makala amatha? Bwanji batire la tochi limatha?"

Ndinayankha kuti lamulo limatero basi. Ndikulemba izi manyazi akadali nane. Mwanayo anafunsa zanzeru, ine ndinabisala kuseri kwa buku. Usiku ndikuphika pa mbaula m'pomwe ndinaliona yankho: moto wofika pa poto ndi wochepa, wina ukuotcha miyendo yanga, wina ukupita ndi mphepo. Energy ilipo yonse, koma yamwazika ngati ufa wotayikira pa mchenga, sungaiwolenso n'kuphikira.

Lachisanu

Ndinayamba ndi kupepesa, kenako ndinafotokoza za mbaula. Atsikana anagwedeza mitu msanga kuposa anyamata, chifukwa chake n'chodziwikiratu.

Tinapita ku mtsinje wa Shire, pa bolodi pomwepo. Madzi ochokera m'nyanja ya Malawi amatsika pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kuzunguza makina opanga magetsi. Nkula inayamba ntchito mu 1966. Ana onse akukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale. Ndinafunsa kuti makina ataima, energy ya madziwo inkapita kuti. Panali zii kwa kanthawi. Mnyamata wa makala uja anati, "Inkangosokosa ndi kugumula magombe, aphunzitsi." Anaiwala kutentha, koma ndinamusiya kaye.

Kusiyana kwa force ndi energy sikunalowebe bwino, theka la kalasi likusakaniza. Lolemba ndibwereza. Mtondo uja sindinabweze.