Musanapereke ndalama pa njinga yamoto yakale

Lero ndisiye kaye za feteleza ndi nthochi, tikambe za njinga yamoto. Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa nkhani imodzimodzi pa WhatsApp: akufuna kutumiza ndalama kuti mnyamata wa kumudzi agule njinga yogwirapo kale ntchito, kaya ya kabaza, kaya yotengera mkaka ndi matumba. Ndati m'malo moyankha mmodzimmodzi ndilembe pano, wina akafunsanso mungomuonetsa.

Ine si makaniko ayi. Ndine mlimi wa tiyi pang'ono, chimanga ndi nandolo. Koma njinga yanga ndakhala nayo zaka zambiri, ndinaigula yakale, ndipo ndaperekezapo anthu angapo kokagula zawo. Yatsopano masiku ano ndi ochepa angaikwanitse. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya njinga ndi masipeya inangothawa. Nde ambirife tikuthamangira zakale. Palibe cholakwika, bola kutsegula maso, chifukwa ndalama imeneyi ndi ya masamba a tiyi othyoledwa pa mvula kuyambira Disembala mpaka Epulo, kapena ya mwana wanu amene akugona m'kachipinda ku Johannesburg.

Anthu akafika pa njinga amathamangira kuliza injini. Ine ndimayamba ndi mapepala. Injini yofooka makaniko amakonza, koma njinga yakuba palibe angaikonze. Pemphani bulubuku. Gwadani pansi, pukutani matope, muwerenge nambala ya chasisi imene imakhala pa khosi la felemu, pansi pa chiwongolero, ndi nambala ya injini imene inadindidwa pa injini penipenipo. Nambala ziwirizi zifanane ndi za m'buku, chilembo ndi chilembo. Mukaona kuti pamalopo papalidwa, kapena papakidwa penti watsopano pokhapokha, tsanzikani bwinobwino muzipita. Dzina la m'buku lifananenso ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsayo. Akati "ndi ya achimwene, ali ku Joni," achimwenewo ayankhule nanu pa foni, atumizenso chithunzi cha chiphaso chawo.

Tisanamizane, njinga zambiri zimene zikuyenda m'midzi mwathu muno zinachokera ku Mozambique, kudzera cha ku Muloza ndi njira zina zachidule zimene tonse timazidziwa, ndipo zambiri zilibe nambala. Mtengo wake umaoneka wofewa chifukwa msonkho wa MRA sunaperekedwe komanso ku Road Traffic sizinalembetsedwe. Ndalama zimenezo sizinafe, zikukudikirani inu wogula. Bola muwerengeretu: msonkho, kulembetsa, inshulansi, laisensi. Mukaphatikiza muona ngati ndi yotchipadi. Apo ayi njinga yanu izingozungulira m'tinjira ta m'minda ya tiyi, tsiku limene mudzafune kuthamangira ndi wodwala ku chipatala cha Boma kapena ku Malamulo mudzakhala mukuopa apolisi pa msewu.

Palinso china chimene mapepala sanena. Njinga ina mwini wake ndi bwana wa m'tauni, mnyamatayo anangopatsidwa kuti azipereka ya tsiku. Ina inaikidwa chikole ku banki mkhonde. Ina ndi ya banja, bambo akugulitsa mayi asakudziwa. N'chifukwa chake ine sindikonda kugulira pa msika, kaya pa Bvumbwe kaya pa Luchenza, kwa munthu amene simudziwa kumene amagona. Pitani kwawo, mukhale pa khonde, muone ngati akunyumba akuidziwa nkhaniyo. Kalata ya mgwirizano ilembedwe pamaso pa amfumu ndi mboni ziwiri, nambala zonse zija zilembedwemo. Komabe kalata ya amfumu si bulubuku. Kusintha umwini kumachitikira ku Road Traffic, ndipo ndi bwino kupitira limodzi ndi wogulitsayo musanamalize kulipira. Akalandira zonse, foni yake imayamba kusapezeka.

Mapepala akakhala bwino, tsopano tiyeni pa injini. Pitani m'mamawa, ndipo muwauziretu kuti asailize. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti aitenthetsa dala, chifukwa njinga yotopa imavuta kulira ikazizira koma ikatentha imalira ngati yatsopano. Kuno kwathu ndi chiperoni cha Juni ndi Julaye, njinga yovuta m'mawa idzakusowetsani mtendere. Pondani kiki nokha. Mwendo uzimva kulimba kwina kwake. Kiki ikamangotsika mopepuka ngati mukuponda thonje, mphamvu ya m'kati inatha, pisitoni ndi maling'i zikufuna ndalama.

Ikalira, pitani kumbuyo muone utsi. Utsi woyera umene ukutha pakangopita mphindi zochepa ndi chinyontho chabe, musadandaule. Utsi wakuda ndi petulo wochuluka, nthawi zambiri vuto limakhala kabuleta kapena sefa ya mpweya yodzaza fumbi, zimenezo n'zotchipa. Koma utsi wa buluu umene sukusiya, umenewo ndi oyilo akupsa m'kati, injini ikufunika kutsegulidwa. Pokhapokha ikhale njinga ya mtundu wa Yamaha DT 125, ija ankayendera alangizi ndi a zaumoyo kale, imene imawotcha oyilo wa 2T pamodzi ndi petulo. Imeneyo kautsi ndi chibadwa chake. Imakwera phiri bwino koma imamwa mafuta kuposa zinazi, choncho muganizire kawiri.

Tsegulani poikira oyilo, mudontheze pa chala, mutikite. Mukaona tinthu tonyezimira ngati mchenga wa mu mtsinje, zitsulo zikudyana. Oyilo akakhala wokhuthala kwambiri ngati uchi, ena amathira wa galimoto zazikulu kuti abise phokoso. Oyilo watsopano mbee pa njinga yakuda ndi matope nayenso amandipatsa mafunso. Masulani pulagi muone kunsonga: ikhale ya mtundu wa tiyi wamkaka. Yakuda yonyowa ndi oyilo ikugwirizana ndi utsi wa buluu uja. Kenako tcherani khutu injini ikulira payokha. Kaphokoso ka "tiki-tiki" kapamwamba kawirikawiri ndi mavavu ofuna kusintha pang'ono. Phokoso lolemera la "gu-gu-gu" lochokera pansi ndi nkhani yaikulu, musalole kuti akuuzeni zoti "imatero."

Malo amene anthu ambiri amaiwala ndi felemu. Njinga za kuno sizinyamula munthu mmodzi ayi. Zanyamula matumba awiri a 50 kg ndi mwini wake pamwamba, zanyamula mikoko ya nthochi, matabwa a bulugama, zigubu za mkaka. Chotsani mpando muone pansi pake, muonenso pa khosi paja ndi pamene pamangidwa mashokapu. Mukapeza powotcherera, makamaka pa khosi, ine ndimati ayi ngakhale mtengo utsike bwanji. Felemu yothyoka kamodzi imadzathyokanso, ndipo imasankha potsetsereka, mwanyamula katundu. Imani kumbuyo muone ngati tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo ali pa mzere umodzi. Njinga imene inagundapo imayenda chammbali ngati nkhanu. Kwezani tayala lakutsogolo, mupotoze chiwongolero uku ndi uku, chisamakakamire pakati. Pa mashokapu akutsogolo pasakhale oyilo wotsika.

Tcheni ndi sipuloketi n'zosavuta kuona. Mano akakhala osongoka ndi opindika ngati zikhadabo za nkhuku, zatha. Zokokera tcheni zikafika kumapeto, tcheni inatamuka. Izi si zifukwa zokanira njinga, koma ndi zifukwa zotsitsira mtengo. Chimodzimodzi matayala. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Likhoza kukhala ndi mano koma mphira wake unauma, pa katondo wathu wonyowa lidzakugwetsani. Gogodani masipoko ndi kasipanala, olimba amalira bwino, omasuka amangoti phwa. Unikani m'thanki ndi tochi ya foni. Petulo wa m'zigubu nthawi zina amabwera ndi madzi, thanki imachita dzimbiri, dzimbirilo n'kumatseka kabuleta sabata iliyonse. Za makilomita a pa wotchi musazikhulupirire, zingwe zake zinaduka kalekale pa njinga zambiri. Onani mphira wa popondera ndi pa kiki, ndi umene umanena zoona za ulendo umene njinga yayenda.

Mphwanga wina wa ku Blantyre anafunsa za sikuta, zija zopanda magiya zimene amayi amakwera miyendo ili pamodzi, akuti akufuna kugulira mayi ake. Ndikumvetsa chifukwa chake, n'zosavuta kuyendetsa ndipo chitenje sichikodwa. Ngati mayiwo amakhala pafupi ndi tala, ulendo wake ndi wa pa Boma, ku tchalitchi, ku chigayo, ili bwino. Koma matayala ake ndi aang'ono, a mainchesi 10 kapena 12, pamene njinga wamba ili ndi 17 kapena 18. Tayala laling'ono limagwera m'dzenje lililonse, ndipo mimba ya sikuta ili pafupi ndi nthaka. Njira zathu zotsikira ku madambo, zimene namondwe Freddy anazikumba mu Malichi 2023 ndipo zina mpaka pano sizinabwerere mwakale, si za sikuta. Mukaifunabe, chachikulu ndi lamba. Sikuta ilibe tcheni, imayenda ndi lamba amene ali m'kati mwa chivundikiro cha kumanzere. Muwapemphe atsegule muone ngati lamba sanang'ambike m'mbali. Ponyamuka isamanjenjemere kapena kulira kwambiri isanasunthe. Mapulasitiki ake amabisa zambiri, choncho suzumirani pansi. Kiki yake muiyese, chifukwa eni ake amazolowera sitata, kiki n'kuuma, tsiku limene batire yafa mwagona panjira. Ndipo musanagule, tengani dzina ndi mtundu wake mukafunse m'mashopu a masipeya ku Limbe ngati lamba wake alipo. Sikuta zina zinabwera imodziimodzi kuchokera kunja, lamba akaduka imakhala pa khonde chaka chathunthu nkhuku zikuikirapo mazira.

Nkhani ya masipeya ndi ya njinga zonse. Lifo, Sanlg, King Lion, Boxer, zimenezi makaniko wa pa Goliati kapena pa Makwasa amazidziwa ngati dzanja lake, ndipo zipangizo zake zimapezeka pafupi. Yamaha AG 200 ndi Honda XL 125 ndi njinga zolimba kwambiri, zopangidwira misewu ngati yathuyi, koma sipeya yake yeniyeni ndi yodula. Zambiri mwa izo zinachokera ku mabungwe ndi ku makampani, choncho funsani kalata yosonyeza kuti anagulitsadi. Kumbukiraninso kuti laisensi ya A1 imathera pa 125cc. Yoposa pamenepo imafuna A.

Chomaliza ndi kuikwera, ndipo osati pa bwalo la mpira. Njinga iliyonse imaoneka yamphamvu pa chidikha. Kwezani munthu wolemera kumbuyo, mupite pa chitunda chenicheni, ife kuno sitisowa. Injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, kilatchi ikutsetsereka. Lowetsani magiya onse, lililonse likhale m'malo mwake, lisamatuluke lokha. Potsika yesani buleki yakutsogolo payokha, yakumbuyo payokha. Anyamata ambiri a kabaza amayenda ndi yakumbuyo yokha, yakutsogolo inafa kale, ndipo amene anagonekapo m'bale ku Gulupu akudziwa kuchuluka kwa miyendo yothyoka ndi njinga zamoto m'mawodi muja. Mukabwerako imitsani pamalo ouma mphindi khumi muone ngati pansi padontha kanthu. Yatsani nyale, muwonjezere moto. Kuwala kukamawonjezekanso pang'ono, ikutchaja. Mawaya omangidwamangidwa ndi mapepala a shuga ndi amene amazimitsa nyale usiku pakati pa tiyi.

Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, mumulipire ya tsiku. Inu a m'tauni ndi a ku Joni, musatumize ndalama yonse chifukwa cha chithunzi. Uzani mnyamatayo ajambule kanema injini ikulira m'mawa, ajambule nambala ziwiri zija pamodzi ndi buku, ndipo papite munthu wamkulu wa m'banja. Pa ndalama imene mwakonza, patulanipo ina ya oyilo watsopano, pulagi, mabuleki ndi zipewa ziwiri, cha woyendetsa ndi cha wokwera. Zimenezi zigulidwe sabata yoyamba, njinga isanayambe kunyamula anthu.

Mvula ikayamba ndidzalemba za mbewu ya nthochi yatsopano, poti ambiri mwafunsanso. Amene muli ndi funso la njinga lembani m'munsimu, ndiyankha madzulo ndikachoka kumunda.