Chenicheni ndi Chofanizira

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yokonza galimoto imatha pamene injini yalira ndipo matayala ayamba kugudubuzika. Zimenezi n'zoona kwa basi kapena lole, imene ntchito yake ndi kunyamula anthu ndi katundu. Koma alipo amisiri ena amene amaukitsa magalimoto akale amtengo wapatali, kuwabwezera mmene analili tsiku limene anatuluka m'fakitale. Kwa amisiri otere, kulira kwa injini ndi chiyambi chabe. Ntchito yaikulu imakhala yofunafuna tizipangizo toyenera: nyali, zogwirira zitseko, zikopa za mipando ndi matabwa okongoletsa m'kati.

Mmodzi mwa amisiri oterewa anali mkulu wina wa ku England, makaniko wopuma pa ntchito, amene anagula Rolls-Royce yakale ya mtundu wa Silver Cloud. Dzina la Rolls-Royce si lachilendo kwa Amalawi achikulire, pakuti Dr Kamuzu Banda ankayenda pa galimoto ya dzina limeneli pa zochitika zazikulu za boma. Koma imene anagula mkuluyu inali itatha ulemerero. Inali itakhala zaka zambiri m'shedi ya pa famu, dzimbiri litadya zitsulo, mbewa zitaboola mipando, ndiponso zipangizo zina anthu atazula.

Mkuluyu sanathamangire kugula kanthu. Poyamba anafuna kudziwa mbiri ya galimoto yakeyo. Magalimoto a Silver Cloud ankapangidwa ku Crewe kuyambira mu 1955 mpaka mu 1966, ndipo iliyonse inali ndi khadi lake lolembedwa nambala, mtundu wa penti, mtundu wa chikopa ndi dzina la amene anaigula koyamba. Makhadi amenewa ankasungidwa ku Hunt House, m'mudzi wa Paulerspury. Mkuluyu atalandira zolembedwa za galimoto yake, anazindikira kuti penti imene inali pamwamba inapakidwa pambuyo pake ndi munthu wina. Motero anaipala yonse, nabwezerapo mtundu umene khadi linanena.

Khadi lomwelo linamuthandiza kupewa misampha ina. Silver Cloud inatuluka m'mitundu itatu. Woyamba unali ndi injini ya masilinda 6. Wachiwiri, umene unabwera mu 1959, unali ndi masilinda 8. Wachitatu unadziwika ndi nyali zinayi kutsogolo m'malo mwa ziwiri. Yake inali ya mtundu woyamba. Chipangizo cha mtundu wachiwiri kapena wachitatu, ngakhale chikhale cha fakitale yomweyo, chikanakhala mlendo pa galimotoyo, monga chipewa cha mfumu ina pamutu pa mfumu inzake.

Msampha wina unali Bentley. Fakitale ya ku Crewe inkapanganso galimoto yotchedwa Bentley S, imene thupi lake linali lofanana ndi la Silver Cloud, kupatula chitsulo chonyezimira cha kutsogolo kwa redieta, boneti ndi zizindikiro. Ochenjera ena akhala akuchotsa nkhope ya Bentley ndi kuikapo ya Rolls-Royce kuti apeze mtengo wokwera. Wongoyang'ana ndi maso amakopeka, koma nambala yodindidwa pa chitsulo cha pansi imaulula zonse. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chinamusautsa koposa chinali kafano ka mkazi kamene kamaima pamphuno pa Rolls-Royce iliyonse. Kafanoka, kotchedwa Spirit of Ecstasy, anakaumba ndi Charles Sykes mu 1911, ndipo maonekedwe ndi msinkhu wake zakhala zikusintha. Ku msika wa zipangizo zakale wa ku Beaulieu, mkuluyu anapeza kena kokongola, kenikeni ndithu, koma kogwada. Kogwadako kanayamba mu 1934 ndipo kankaikidwa pa mitundu ina monga Silver Dawn. Silver Cloud inkanyamula koimirira. Anakagwira m'manja kwa nthawi, kenaka anakabwezera pa tebulo napita. Galimoto inakhala ndi mphuno yopanda kanthu mpaka koyenera katapezeka.

M'kati mwa galimoto munali phunziro lina. Matabwa a pa dashibodi ndi m'zitseko anakutidwa ndi timapepala ta mtengo wa walnut, tochekedwa mopyapyala kuchokera ku chipika chimodzi, kotero kuti mizere ya kumanja imayankha ya kumanzere ngati nkhope pa kalilole. Kutaya thabwa limodzi n'kusokoneza onse. Chifukwa cha ichi mkuluyu anamata ming'alu mmodzimmodzi ndi kupukuta pang'onopang'ono, osagula atsopano. Zikopa nazo zinachokera ku kampani ya Connolly ya ku London, imene fakitale yake yakale inatsekedwa mu 2002. Mpando wakumbuyo anautsuka ndi kuufewetsa, nausiya ndi makwinya ake a ukalamba. Wakutsogolo, umene mbewa zinaonongeratu, anaukuta ndi chikopa chatsopano cha mtundu wofanana.

Mwana wake wamwamuna ankadabwa ndi kuchedwa konseku. Tsiku lina anafunsa bambo akewo chifukwa chimene ankavutikira chotere, popeza palibe munthu wa pamsewu amene akanasiyanitsa chenicheni ndi chofanizira. Mkuluyu anayankha mofatsa kuti wa pamsewu sangadziwe, koma mwini wake akudziwa. Ndipo tsiku lina galimotoyo idzapita m'manja mwa munthu amene adzapereka chuma chake pokhulupirira mawu a amene anaikonza.

Komabe sizonse zimene zikanatheka kukhala zakale. Matayala, mapaipi a mabuleki ndi mphira wa m'mawindo zimafumbwa ndi zaka, ndipo kuumirira zakale pamenepo n'kuika moyo pachiswe. Zimenezi anaikapo zatsopano mosazengereza. Chimene anachita ndi kutenga kope ndi kulembamo chipangizo chilichonse: ichi chinabwera ndi galimoto, ichi chinachokera pa inzake yophwasulidwa, ichi n'chopangidwa masiku ano. Mpando wakutsogolo uja unalembedwanso momveka bwino. Kopelo analisunga m'galimoto momwemo, kuti kumene idzapite lidzapite nayo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkuluyu anadekha zaka zingapo. Koma kudekha kokha sikukanakwanira popanda chilungamo. Munthu aliyense amene amasamala zinthu zakale, kaya ndi galimoto, nyumba, ng'oma ya makolo kapena mbiri ya mtundu wake, amakumana ndi malo amene chenicheni chinatayika. Pamenepo pamakhala njira ziwiri: kutseka mpatawo ndi bodza lokongola, kapena kuikapo chatsopano ndi kunena poyera kuti n'chatsopano. Woyambayo amatamandidwa msanga, koma amasiyira a m'tsogolo chinthu chimene sangachikhulupirire. Wachiwiriyo amachedwa, ndipo nthawi zina amasekedwa, koma chimene wasiya chimatha kuyankha mafunso ngakhale iye atapita.