Belu silimveka pa zimbowera

Mukachoka m'tauni ya Zomba kulowera kum'mawa, phiri limatsalira kumbuyo ndipo dziko limayamba kuyalana ngati mphasa. Mukayenda makilomita pafupifupi 30, fungo la matemba limakulandirani musanaione n'komwe nyanja. Apa ndiye pa Kachulu, doko la kumadzulo kwa Chilwa, moyang'anana ndi chilumba cha Chisi.

Ndinafikako Lamulungu m'mawa. M'midzi ya m'njira anthu anali atatchena, Mabaibulo m'manja. Koma padoko linali tsiku ngati lina lililonse: mabwato akukocheza, amayi akunenerera mitengo, anyamata akutsitsa madengu a makumba ndi milamba.

Ambiri mwa anyamatawa si a pano. Ena ndi a ku Phalombe, ena a ku Machinga, ena adachita kuwoloka kuchokera ku Mozambique. Bwato ndi khoka ndi za bwana, iwo chawo ndi mphamvu basi. Ndipo ambiri sagona n'kumtunda komwe. Amakhala pa zimbowera, timisasa toyandama tomangidwa ndi udzu wa m'madzi mkatikati mwa nyanja. Munthu amatha masabata, mwinanso miyezi, osaponda dothi. Kuphika pomwepo, kugona pomwepo, madzi akumwa omwewo.

Mnyamata wina amene ankasoka ukonde ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mumapemphera kuti?" Anaseka kaye. Kenako anandiuza kuti kwawo ankaimba kwaya, koma chibwerere kuno sanalowepo m'tchalitchi. Dzina lake lili m'buku la mpingo wa kumudzi, komwe mwina amamuwerengera kale m'gulu la ofooka. Mpingo wa kuno sukumudziwa. Kalata yosamukira angaitenge bwanji munthu amene sakudziwa komwe adzakhale mwezi wamawa?

Pajatu Chilwa ndi nyanja yosadalirika. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe, koma palibe mtsinje wotuluka, ndipo ndi yosaya. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adatsala ali pamatope ong'aluka. Zikatero asodzi amasamukira ku Chiuta, ku Malombe kapena ku nyanja ya Malawi. Mipingo yathu, kunena zoona, idakonzedwera anthu okhazikika, a munda ndi manda pamalo amodzi. Wa maulendo amangogwera pakati.

Chomwe chimandichititsa manyazi ndi ichi. Kolera itabuka pa Chilwa kumapeto kwa 2015, azaumoyo sadadikire kuti asodzi abwere kuchipatala. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières adapereka katemera wakumwa, ndipo pozindikira kuti a pa zimbowera sangabwerenso pa tsiku loikika, adawapatsiratu katemera wachiwiri kuti akamwe okha patatha masabata awiri. Adasintha dongosolo lawo kuti ligwirizane ndi moyo wa msodzi. Ife timangoimba belu n'kumadikira. Chonsecho timawerenga tokha pa Marko 1 kuti Yesu adawapeza Simoni ndi Andreya ali pantchito, makoka ali m'manja.

Tikamakamba za asodzi timathamangira kutchula kachasu, juga ndi chiwerewere cha m'madoko. Zilipodi, sindikukana. Koma ndani amafunsa za mnyamata amene wamva pa foni kuti mayi ake amwalira, iye ali pakati pa bango? Kapena amene mnzake wamira, mawa lake n'kukwera bwato lomwelo? Ena mwa iwo ndi Asilamu, ndipo nawonso azana sawafika kumeneko.

Dzuwa litapendeka, mnyamata uja anapinda ukonde wake, nakweza thumba la ufa, mchere ndi nkhuni m'bwato. Ndinamufunsa ngati angakonde kuti abusa kapena akuluampingo azifika kumeneko. Anati angakonde ndithu, bola asabwere m'mawa, chifukwa nthawi imeneyo amakhala akukoka khoka. Atatero anakankha bwato ndi mponda, nalowa m'kanjira ka m'bango.