Zala khumi za amalume

Munthu ali ndi manja awiri. Dzanja lililonse lili ndi zala 5. Zala zonse pamodzi ndi 10. Zala zimagwira khasu. Zala zimagwira pensulo. Zala zimatema nsima, zimamanga mfundo, zimawerenga nkhuku madzulo. Phesi la cinangwa likadulidwa limaphukanso. Tsitsi likametedwa limameranso. Koma cala cikaduka sicimeranso.

Kumudzi amayi amadula ndiwo ndi mpeni. Dzanja limodzi limagwira masamba a mpiru, lina limagwira mpeni. Mpeni umayenda pamene dzanja lafuna. Dzanja likaima, mpeni umaimanso.

M'masitolo aakulu a m'tauni muli mpeni wa mtundu wina. Mpeni umenewu ndi wozungulira ngati mbale. Kukula kwake ndi masentimita 25 kapena 30. Umazungulira ndi magetsi. Uli pa makina oceka nyama ndi chizi. Chizi ndi cakudya copangidwa ndi mkaka. Pa Cipwitikizi chizi amachedwa queijo, ndipo makina aja amachedwa fiambreira. Makinawo amaceka tizidutswa topyapyala ngati tsamba, toika pakati pa buledi.

Mpeni wa makina sudikira dzanja. Ulibe maso. Sudziwa kusiyanitsa nyama ya nkhumba ndi cala ca munthu.

Makina amenewa anayambira kutali, ku Rotterdam, m'dziko la Holland. Kumeneko kunali munthu wogulitsa nyama dzina lake Wilhelm van Berkel. Iye anatopa ndi kuceka nyama ndi mpeni wa m'manja tsiku lonse. M'caka ca 1898 anayamba kupanga makina a mpeni wozungulira. Makina akewo sanali a magetsi. Munthu ankapukusa gudumu ndi dzanja. Nyama inkakhala pa kathebulo koyenda, itapanidwa ndi citsulo. Conco kuyambira kale nchito yogwira nyama inapatsidwa kwa citsulo, osati kwa zala.

Mtsikana wina wa kalasi yoyamba, wa ku Angónia, anaona makina otere ndi maso ake. Pa chuthi anapita ku Tete ndi amayi ake. Anakwera basi ku Ulónguè, anadutsa ku Moatize, naoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho waukulu. Amalume ake amagwira nchito m'sitolo ina mumzindamo. Nchito yao ndi kuceka nyama ndi chizi.

Amalume anamuimika kutsogolo kwa thebulo logulitsira, kumene kumaima ogula.

"Uime pomwepo, mwanawe. Kuno ana salowa. Uzionera patali."

"Cabwino, amalume."

Mtsikanayo anaona kuti amalume sathamangira kuyatsa makina. Amayamba akonza cakudya kuti cikhazikike. Iye anafunsa kuti, "Amalume, mukucedweranji? Anthu akudikira."

Amalume anatenga lalanje. Analigubuduza pa thebulo. Lalanje linafika m'mphepete, linatsala pang'ono kugwa. Mtsikanayo analiwakha msanga.

"Ndani wauza dzanja lako kuti ligwire lalanje?"

"Palibe, amalume. Lapita lokha."

"Eya. Dzanja limatero. Cinthu cikamagwa, dzanja limathamanga lokha, mutu usanaganize. Nyama ikaterereka pa makina, dzanja langa lidzathamanganso kukaigwira. Pamenepo pali mpeni. Ndiye cifukwa cake nyama iyenera kukhala duu ndisanayatse makina."

Masiku atatu mtsikanayo anaima pamalo ake, akuyang'anitsitsa. Anaona zinthu zinai zimene amalume amacita nthawi zonse.

Coyamba, cakudya cimakhala cozizira. Ku Tete kumatentha kwambiri. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Chizi akatenthedwa amafewa. Amamatirira ku mpeni, ndipo mpeni umamukoka. Nyama yofunda nayonso imaterera ndi mafuta. Conco amalume amasunga zonse m'firiji mpaka wogula atafika. Cakudya cozizira ndi colimba, sicithawa. Koma nyama imene yauma gwa ngati mwala saiika pa makina. Nyama ya mafupa saiikanso. Zimenezi zimadumphitsa cakudya ndi kuononga mpeni.

Caciwiri, cakudya cimakhala pansi bwino. Cinthu cobulungira cimagubuduka, monga lalanje lija. Amalume amatenga mpeni wa m'manja. Amadulako mbali imodzi pa thabwa kuti ikhale yafulati. Mbali imeneyo ndiyo imagona pa mbale ya makina. Soseji ikatalika kwambiri amaidula pakati, kuti ikwane pa mbale popanda kulendewera.

Cacitatu, cakudya cimagwidwa ndi cogwirira. Cogwirira ndi citsulo ca mano ambiri, cokhala ndi cigwiriro kumbuyo kwake. Amalume amacitsitsira pa nyama. Mano ake amaluma nyamayo. Dzanja la amalume limakhala pa cigwiriro, ndipo citsulo cimakhala pakati pa dzanja ndi mpeni. Dzanja linalo silipita kunsi kwa mpeni kukalandira tizidutswa. Tizidutswa timagwera tokha pa pepala loyera.

Cacinai, amalume sakankha ndi mphamvu. Mbale ya makina ao ndi yopendekera ku mpeni. Nyama imatsetsereka yokha ndi kulemera kwake. Amalume amangoyendetsa mbale, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Mpeni ukabuntha, munthu amayamba kukankha, ndipo wokankha ndi amene amaterereka. Conco amalume amanola mpeni ndi timiyala tonolera timene tili pamwamba pa makina.

Akamaliza kuceka amazimitsa makina. Amapotokola kagudumu ka manambala mpaka pa 0. Kagudumu kameneka ndi kamene kamasankha kuti tizidutswa tikhale topyapyala kapena tokhuthala. Kakafika pa 0, kukamwa kwa mpeni kumabisika.

Tsiku lacitatu kunabwera bambo wina wa cangu. Basi yake inali pafupi kunyamuka. Anafuna chizi wa magalamu 200. Amalume anaceka, koma chizi anatsala pang'ono kutha. Kanatsala kacidutswa kakang'ono ngati bokosi la macesi. Mano a cogwirira sanathenso kukaluma bwino. Sikelo inali isanakwane.

Bamboyo anati, "Ingokagwirani ndi dzanja, acimwene. Ndi kamphindi cabe."

Amalume anayankha kuti, "Pepani, bambo. Aka ndikudulirani pa thabwa ndi mpeni wa m'manja. Kapena mukatenge kathunthu."

"Ai, ndifuna topyapyala tokhatokha. Fulumirani!"

"Pepani, bambo. Pa makina sikapitanso."

Bamboyo anakwiya. Anabweza ndalama zake m'thumba, natuluka osagula kanthu. Mwini sitolo anaona zonse. Anayang'ana amalume ndi nkhope yosakondwa. Mtsikanayo anacita mantha. Iye amadziwa kuti ndalama za makope ake ndi za feteleza wa agogo zimacokera pa nchito imeneyi.

Pa khomo la sitolo panali agogo ena, alonda. Iwo anamuitana mtsikanayo. Anatambasula dzanja lao lamanja. Cala ca mkombaphala cinali cacifupi, copanda cikhadabo.

"Ukuona, mdzukulu wanga? Kale inenso ndinkaceka nyama kwina kwake. Kacidutswa kanali kakang'ono ngati komweko. Wogula anali wa cangu ngati yemweyo. Iye anapita ndi nyama yake. Ine ndinapita ku cipatala."

Mtsikanayo anayang'ana cala ca agogowo nthawi yaitali. Sananene kanthu.

Madzulo, akudya nsima, anafunsa kuti, "Amalume, simuopa abwana anu?"

Amalume anaseka pang'ono. "Ndimawaopa. Koma chizi wina adzabwera pa galimoto. Wogula wina adzabwera mawa. Nanga cala cimabwera pa galimoto iti?"

Amayi a mtsikanayo anavomereza. Anati, "Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha."

M'mawa mwake amalume anapita ku nchito monga mwa masiku onse. Mwini sitolo sanawacotse. Munthu wodziwa kuceka bwino sapezeka wamba. Anthu amati wanchito wabwino ndi wofulumira. Pa makina a mpeni, wanchito wabwino ndi amene amadziwa pofulumira ndi poima. Kukana munthu wamkulu amene ali ndi ndalama m'manja n'kovuta. Amalume anakana mwaulemu, ndipo sanasinthe mau ao.

Pali nthawi inanso yoopsa, nthawi yotsuka. Tinyenyeswa ta nyama timatsalira kuseri kwa mpeni. M'menemo mumaswana tizilombo tosaoneka ndi maso, todwalitsa anthu. Conco makina ayenera kutsukidwa kangapo pa tsiku. Amalume amayamba aika kagudumu pa 0. Kenaka amazula cingwe ca magetsi pa khoma. Amavala magolovesi olimba amene mpeni sudula msanga. Popukuta mpeni amayambira pakati kupita m'mphepete, pang'onopang'ono. Mpeni woima umacekabe.

Kwa makolo

Kumudzi kulibe makina oceka chizi, koma makina ena alipo. Pali cigayo ca malamba. Pali makina opukusira cimanga. Pa msika pali makina ogaya nyama, amene amakankhira nyama ndi kamtengo. Lamulo lake ndi limodzi: dzanja ligwire cogwirira, lisalowe kumene makina akudya. Cinthu cikakakamira, makina ayambe azimitsidwa.

Ana amene akuphunzira kuwerenga lero adzakula. Ena adzafuna nchito m'masitolo ndi m'malo odyera a ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo. Nchito ya makina a mpeni si ya ana. Ku United States lamulo limaletsa munthu wosakwana zaka 18 kuceka ndi makina otere, ngakhale kuwatsuka. Kumeneko malangizo a zaukhondo amati makina amene akugwira nchito atsukidwe maola 4 aliwonse.

Munthu akadziceka, apanikize bala ndi nsalu yoyera. Akweze dzanja m'mwamba. Apite ku cipatala msanga. Pa bala asathirepo dothi, phulusa kapena ndowe. Ngati kansonga ka cala kaduka, akakulunge m'nsalu yoyera yonyowa, akaike m'pulasitiki, apite nako ku cipatala kali pozizira.

Mafunso

1. Kodi manja awiri ali ndi zala zingati?
2. Ndani anauza dzanja la mtsikana kuti ligwire lalanje?
3. Cifukwa ciani amalume amasunga chizi m'firiji?
4. Kodi dzanja la amalume limagwira ciani poceka nyama?
5. Cifukwa ciani amalume anakana pempho la bambo wa cangu?
6. Chulani makina awiri amene ali m'mudzi mwanu.

Zocita

Ikani dzanja lanu pa pepala. Jambulani mozungulira zala zonse ndi pensulo. Lembani nambala pa cala ciliconse: 1, 2, 3, 4, 5. Kunyumba, pemphani amayi kapena agogo akuonetseni mmene amapindira zala podula ndiwo.