Ulendo wa ku Moncton, Kumene Ana Amasonkhanira Chinenero Chawo

Munthu akamva kuti dziko la Canada lili ndi zinenero ziwiri za boma, ndizo Chingerezi ndi Chifalansa, angayese kuti ziwirizo zilingana mphamvu ndi ulemu kuyambira kunyanja ya kum'mawa kufikira kunyanja ya kumadzulo. Koma iye amene wakhalamo, nayenda m'misika ndi m'mabasi a m'mizinda yake, adziwa kuti ukangotuluka m'chigawo cha Quebec, Chifalansa chimamveka mwa apo ndi apo, ndi kuti eni ake, amene chiwerengero chawo chili pafupi ndi 1 miliyoni, anabalalika m'midzi ndi m'mizinda yotalikirana, pakati pa khamu la olankhula Chingerezi. Ana a anthu amenewa ndiwo anandiyendetsa ulendo umene ndifuna kukusimbirani.

Ndili ndi bwenzi m'chigawo cha Ontario kumene ndikhala, mbadwa ya ku Congo, amene anakhala zaka zambiri pamsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa asanalandiridwe kuno, ndipo Chichewa amachilankhula mosadodoma. Dandaulo lake la masiku onse linali la mwana wake wamkazi wa zaka 14, amene ngakhale amaphunzira pasukulu ya Chifalansa chokhachokha, ankachisiya pachipata cha sukuluyo chinenerocho akamaweruka, kotero kuti atate ake akafunsa m'Chifalansa iye ankayankha mwaulemu ndithu, koma m'Chingerezi. Chotero makolowo anamlembetsa ku Destination Clic, maphunziro a milungu itatu a m'nyengo yofunda, amene boma la Canada limalipirira chiphunzitso chake, chakudya ndi malo ogona, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la nduna za maphunziro za m'zigawo zonse lotchedwa CMEC. Maphunzirowa sakhala a munthu woyamba kumene Chifalansa. Ndi a ana okhala kunja kwa Quebec amene anabadwira m'chinenerocho, koma chikuwapulumuka pakamwa. Milunguyo itatsala pang'ono kutha, bwenzi langa linati kwa ine, “Achimwene, tiyeni tikamtenge mwana wanu ku Moncton, kuti mukaonenso dziko la anthu amene anakana kufafanizika.” Ndipo popeza mwana wa mnzako ngwako yemwe, sindinawiringule.

Tinakwera sitima ya pamtunda kufikira ku Montreal, ndipo kumeneko, dzuwa litapendeka, tinalowa m'sitima ina yotchedwa Ocean, imene yakhala ikuyenda njira ya ku Halifax chiyambire 1904. Usiku inatsata gombe la kumwera la mtsinje waukulu wa Saint-Laurent, ife tili pamacheza, pakuti tulo ta pampando sitibwera msanga. Mnzangayo, amene anaiwerenga bwino mbiri ya dziko limene linamlandira, anandikumbutsa kuti sukulu imene mwana wake amalowa lero popanda womfunsa inagulidwa ndi misozi ya ena. M'chaka cha 1912 boma la Ontario linaika lamulo lotchedwa Regulation 17, loletsa kuphunzitsa m'Chifalansa mwana akapyola zaka ziwiri zoyamba za sukulu. Ndipo m'chaka cha 1916 amayi a ku Ottawa anachita kulondera pakhomo pa sukulu ya Guigues, atagwira m'manja mapini aatali a zipewa zawo, kuti apolisi asatulutse aphunzitsi a ana awo. Lamulolo linaleka kugwira ntchito mu 1927, koma kupepesa kwa boma kunadikira kufikira 2016. Ufulu weniweni unadza mu 1982, pamene ndime 23 ya chikalata cha ufulu wa anthu a m'Canada inalonjeza makolo a chinenero cha ochepa kuti ana awo adzaphunzira m'chinenero chawo. Ndipo mu 1990, pamlandu wa Mahé wochokera ku Alberta, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti makolowo ali ndi ufulunso woyendetsa okha sukuluzo.

Kutacha tinapezeka m'chigwa cha Matapédia, pakati pa mapiri a nkhalango zobiriwira, ndipo posakhalitsa nyanja inatseguka kudzanja lathu lamanzere, ndiyo Baie des Chaleurs, imene Jacques Cartier anafikako m'mwezi wa July mu 1534. Titalowa m'chigawo cha New Brunswick, kupyola Campbellton ndi Bathurst, ndinayamba kuona mbendera imodzimodzi pamakonde a nyumba, pamitengo ndi pamabokosi a makalata: mizere itatu ya mbendera ya France, koma pamzere wobiriwira ngati thambo pali nyenyezi yachikasu. Imeneyo ndi mbendera ya anthu a Acadie, ndipo munthu sangamvetse chifukwa chimene ana a Chifalansa amatumizidwira kudera limeneli ngati sanamve zimene zinawagwera eni mbenderayo.

Makolo awo anachokera ku France, nafika m'magombe amenewa mu 1604, natchinga madambo a m'mbali mwa nyanja ndi makoma a dothi kufikira anasanduka minda yachonde. Dzikolo litagwa m'manja mwa Angerezi mu 1713, iwo anapempha kuti asakakamizidwe kunyamula zida pankhondo za pakati pa mfumu ya France ndi mfumu ya Angerezi. Koma mu 1755, chifukwa chokana lumbiro lopanda malire kwa mfumu ya Angerezi, bwanamkubwa Charles Lawrence analamula kuti achotsedwe m'dziko. M'zaka zotsatira anthu oposa 10,000 anakwezedwa m'zombo, nyumba zawo zinatenthedwa, mabanja analekanitsidwa padoko, ndipo ambiri anafera panyanja ndi m'maiko achilendo. Ena anakafika ku Louisiana, kumene zidzukulu zawo zitchedwa Cajun kufikira lero. Otsala ndi obwerera anapeza minda yawo ili ndi eni atsopano, nakamanga m'magombe a kumpoto ndi kum'mawa, kumene nthaka ndi yosauka ndipo moyo unali wa usodzi. Komatu chinenero sanachitaye. Mu 1881 anasonkhana ku Memramcook nasankha 15 August kukhala tsiku la mtundu wawo, ndipo mu 1884, ku Miscouche, anasankha mbendera ija.

Tinafika ku Moncton dzuwa litapyola paliwombo. Ndi mzinda wosakula kwambiri, womangidwa pamene mtsinje wa Petitcodiac ukhota, mtsinje wa madzi ofiirira ndi matope, umene kawiri patsiku umabwerera chakumtunda pokankhidwa ndi mafunde a ku Bay of Fundy, kumene nyanja imakwera ndi kutsika koposa kwina kulikonse padziko lapansi. Ana anali kugona ndi kuphunzira pa Université de Moncton, sukulu ya ukachenjede imene inakhazikitsidwa mu 1963, m'masiku a Louis Robichaud, mwana wa Acadie woyamba kusankhidwa ndi anthu kukhala nduna yaikulu ya chigawocho. Ophunzira a pasukulu yomweyi ndiwo anapita kunyumba ya khonsolo mu 1968 kukapempha kuti mzinda uziwatumikira m'chinenero chawo, ndipo mfumu ya mzinda ya nthawiyo, Leonard Jones, inawaumiriza kulankhula Chingerezi. Chaka chotsatira New Brunswick inavomereza zinenero zonse ziwiri, ndipo mpaka lero ndicho chigawo chokha chotero m'Canada. Mu 1999 Moncton inalandira msonkhano wa atsogoleri a maiko olankhula Chifalansa, ndipo mu 2002 inakhala mzinda wa zinenero ziwiri mwalamulo.

Koma ine sindinadzere nyumba kapena zaka. Ndinadzera ana, ndipo ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Anali kubwera pakapinga ali chigulu, akukangana za mpira ndi za sewero limene anali kukonzekera, wina akuseka mpaka kugwira m'mimba, wina akukuwa kuti amve mbali yake, ndipo phokoso lonselo linali la m'Chifalansa. Pakati pawo panali mwana wathu, amene anathamanga nakumbatira atate ake, nandipatsa ine moni ndi manja awiri monga anaphunzitsidwa kwawo, nayamba kutionetsa anzake mmodzimmodzi: uyu wa ku Saint-Boniface m'chigawo cha Manitoba, uyu wa kumudzi wina wa m'zigwa za tirigu za Saskatchewan, uyu wa ku Sudbury kumigodi, uyu wa ku Whitehorse kumpoto kwenikweni, ndipo mwa iwo munali ana a makolo ochokera ku Cameroon, ku Haiti ndi ku Morocco, pakuti sukulu za Chifalansa za kunja kwa Quebec zadzala masiku ano ndi ana a obwera. Aliyense anali ndi katchulidwe kake, ndipo panalibe wotsitsa mawu.

Madzulo ake, ndi Chifalansa changa cha kusekondale pamodzi ndi chithandizo cha bwenzi langa, ndinacheza ndi mmodzi wa alangizi awo, mtsikana wa payunivesite wobadwira m'dera lomwelo. Iye anati m'mawa ana amakhala m'kalasi, kuwerenga, kulemba ndi kukonza galamala. Masana amagawika ku zisudzo, nyimbo, masewera ndi maulendo okaona malo. Koma ntchito yovuta koposa ili m'masiku oyamba, chifukwa ana ambiri amafika ali ndi manyazi. Wina anauzidwapo kuti Chifalansa chake n'chosakanizika ndi Chingerezi, wina anasekedwa ndi mlendo wa ku Quebec kapena wa ku France, ndipo mwana wotere amasankha kubisala m'Chingerezi, mmene palibe womdzudzula. Mtsikanayo anati iye yemwe anakula akulankhula chiac, kalankhulidwe ka ku Moncton kosakaniza Chifalansa chakale ndi mawu a Chingerezi, ndipo anadziwa kuwawa kwake kwa kuuzidwa kuti pakamwa pa amayi ako pamatuluka zolakwika. Pamenepo ndinakumbukira mawu a akulu akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

M'mawa mwake tinabwereka galimoto kupita ku Bouctouche, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Moncton, kwawo kwa mlembi Antonine Maillet, amene anabadwa mu 1929 namwalira mu 2025. Mayi ameneyu anatenga kalankhulidwe konyozeka ka asodzi ndi ka akazi okolopa m'nyumba za olemera, nakaika m'mabuku ndi pabwalo la zisudzo osakapukuta. Ndipo mu 1979 buku lake lotchedwa Pélagie-la-Charrette, losimba za anthu a Acadie obwerera kwawo pangolo, linalandira mphoto ya Goncourt, imene ili yolemekezeka koposa m'mabuku a Chifalansa. Pakachilumba ka pamudzipo anamangapo malo a zisudzo otchedwa Le Pays de la Sagouine. Tinadya fricot, msuzi wa nkhuku ndi mbatatesi, ndipo mwana wathu, amene anali atafikako kale ndi anzake, ndiye anali wotitsogolera ndi wotimasulira. “Bambo aakulu,” anatero kwa ine, “kusukulu Chifalansa chinali cha aphunzitsi, kunyumba chinali cha makolo, kuno ndapeza kuti chili ndi anzanga.”

Ndalingalira mawu amenewa nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti mwanayo ananena chimene nduna ndi oweruza sangathe kuchilemba m'malamulo. Lamulo limanga sukulu, lilemba ntchito aphunzitsi, ligula mabuku, ndipo zonsezi nzofunika, pakuti tamva mtengo umene zinagulidwa nawo. Koma lamulo silingampatse mwana bwenzi. Chinenero chimene mwana amangoyankhira mafunso a mayeso ndi kulandirira malangizo a akulu, osasekeramo, osakanganiramo, osanong'onezeramo chinsinsi, chili ngati chikuni chochotsedwa pamoto, chimene chimafuka kanthawi kenaka n'kuzima chokha. Sindinena kuti milungu itatu ingagonjetse chaka chathunthu cha wailesi ya kanema, foni ndi msewu, zimene zonse zimalankhula Chingerezi; ena mwa ana aja adzabwereradi kumene anachokera. Chimene ndinaona n'chakuti tsiku lotsazikana analira, nalemberana manambala, napangana kuti azilemberana m'Chifalansa; ndipo mwana wa zaka 14 amasunga pangano la kwa mnzake koposa lamulo la kwa mphunzitsi.

Pobwerera, sitima ikudutsanso nkhalango za Miramichi, mtima wanga unali pa ana athu a Chichewa obadwira kutali, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Zimbabwe malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma kulembedwa m'malamulo sikuphunzitsa mdzukulu wa ku Bulawayo kucheza ndi agogo ake. Ndipo ku Johannesburg, ku Manchester ndi kuno ku Toronto tili ndi ana amene amamva tikawatuma, koma sangathe kusimba nthano imodzi. Boma lotilipirira malo ogona tilibe, koma mabungwe ndi mipingo tili nayo, ndipo pa 6 July, tsiku la ufulu wa dziko la Malawi, sitilephera kusonkhana. Inu atsogoleri a mabungwe amenewa, pa tchuthi chikudzachi patulani mlungu umodzi, mupeze nyumba ya mpingo kapena msasa, muitane ana a zaka 13 kufikira 15 ochokera m'mizinda yosiyana, muwapatse achinyamata odziwa Chichewa kuti awatsogolere pa nthano, zisudzo, nyimbo ndi mpira, ndipo ife akulu tikhale kukhitchini, tiwasiye acheze okha.