Mphini za Agogo: Ulendo wa ku Mitundu ndi ku Nathenje

Amayi anzanga, kodi zithunzi zakale za makolo anu mumasunga pati? Ndafunsa dala, pakuti masiku apitawa ndinayenda ulendo wa ku Mitundu ndi ku Nathenje chifukwa cha kachithunzi kamodzi kochepa ngati chikhatho, ndipo zimene ndinaphunzira kumeneko sindingazisunge ndekha.

Kwathu ndi kufupi ndi Mitundu. Mbumba yonse inagwirizana kuti tikatha kukolola timange chiliza cha agogo, mayi wawo wa malemu mayi anga. Amalume anati pa tsikulo pakhale chithunzi chachikulu cha agogowo, kuti ana amene anabadwa iwo atatisiya kale aone nkhope yawo. Tsono chithunzicho chilipo chimodzi chokha. Anachijambulitsa ndi agogo aamuna m'chaka cha 1973, atangobwera kuchokera ku Joni kumene anapita pa Wenela. Achikulire mukukumbukira kuti chaka chotsatira, mu 1974, ndege inagwa ku Francistown ndi kupha amuna a kuno kwathu oposa 70 amene anali kubwerera kumudzi, ndipo boma linaimitsa ulendo wa Wenela. Ntchito yokatenga chithunzicho ndi kukachikonzetsa inagwera ine.

Ndinakwera minibasi mu Lilongwe mmamawa. Pa Bunda Turn-off tinasiya msewu waukulu wa M1 ndi kulowera kummwera. Amene munayendako mukudziwa kukongola kwa dziko limeneli: minda ya chimanga ndi mtedza kufikira kumene maso alekeza, zigafa za fodya m'mbali mwa midzi, ngolo za ng'ombe zikuyenda mosafulumira, ndi abambo okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala kulinga kutauni. Patsogolo panu phiri la Bunda laima lokha pachigwa ngati mlonda. Patsinde pake pali sukulu ya zaulimi ya Bunda, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR. Mukangopitirira pang'ono mwafika pa Mitundu, ndipo kutali chakuzambwe mapiri a Dzalanyama akuoneka mwa kabii.

Chithunzicho ndinachipeza pansi pa bokosi lachitsulo, pakati pa ziphaso zakale za msonkho. Mtima unandipweteka. Chiswe chinali chitadya ngodya ya mmunsi, mzere wa popinda unadutsa pachifuwa pa agogo, ndipo dontho la denga linasiya banga lofiirira paduku lawo. Komabe nkhope inali kuoneka, pakuti zithunzi zakuda ndi zoyera zimapangidwa ndi timadontho ta siliva, ndipo zimapirira zaka zambiri kuposa zamitundu zija za m'ma 1980 zimene utoto wake umazilala mpaka aliyense aoneke wofiira.

Kale wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili pakhosi. Munkavala chirundu cha pa Sabata, kuima chilili osapuma, ndi kudikira mwezi wathunthu kuti akatsukitse filimu kutauni. Lero pa Mitundu pali tinyumba tamalonda momwe achinyamata amalemba makalata pa kompyuta ndi kusindikiza zithunzi nthawi yomweyo. Ndinalowa m'kamodzi. Mnyamata waulemu ndithu anaika chithunzi pa galasi la makina otchedwa sikana, ndipo agogo anatulukira pa kompyuta. Kenaka anati pali mapulogalamu atsopano otchedwa AI amene amakonza chithunzi okha. Anadina kamodzi. Madzi a tiyi sakanawira n'komwe, mzere unachoka, banga linachoka, ngodya yodyedwa inadzaza, ndipo panaima mayi wosalala, wowala, wa duku lofiira. Ndinaomba m'manja, ndinalipira, ndi kunyamuka mokondwa.

Mmawa mwake ndinabwerera pa Bunda Turn-off ndi kukwera galimoto yolowera ku Dedza. Tinadutsa pa Nanjiri, posakhalitsa tinafika pa Nathenje, pamene amayi amayala tomato, anyezi ndi mbatata m'mphepete mwa msewu, ndipo malole opita ku Blantyre amadutsa usana ndi usiku. Chakummawa phiri la Nkhoma limaoneka bwino lomwe. Kumeneko ndiko anapita chitengwa amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga, amene atsala okha mwa ana aakazi a agogo.

Titapatsana moni pamphasa, ndinawapatsa chithunzi chatsopanocho ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nachitembenuzira kumene kunali kuwala.

"Mwananga, mayi wokongolayu ndi wa kuti?"

"Ndi agogo, Amayi."

"Iyayi. Mayi anga anali akuda bii, ndipo anali ndi mphini zitatu tsaya ili, zitatu tsaya linali. Duku limeneli linali lobiriwira, ndinkalichapa ndine. Nanga tizala ta mayi ako tapita kuti?"

Ndinatulutsa chakale chija, ndipo anandilozera ndi chala. Pamwamba penipeni pa ngodya imene chiswe chinadya panali tizala tinayi togwira chirundu cha agogo. Ine ndinkayesa ndi banga. Anali malemu mayi anga ali kamtsikana. Anaopa kamera nabisala kumbuyo, koma dzanja anakana kuchotsa. Ndinalira, amayi anzanga. Makina aja anaona mphini nayesa zokala, anaona dzanja la mayi anga nayesa litsiro, ndipo zonse anasesa. Zoonadi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mnyamata uja sindimuimba mlandu, pakuti agogo sanawaonepo. Nkhani ndi yakuti mapulogalamu otere sakumbukira munthu. Anaphunzitsidwa ndi nkhope zambirimbiri za anthu ena, ndiye pamene chithunzi chafufutika amangopeka chimene chikanakhalapo. Mtundu wa duku amalota, khungu amalisalaza, ndipo nthawi zina amaliyeretsa.

Madzulo omwewo tinapita ndi amayi aakulu pa malo a malonda pa Nathenje pomwepo, kumene tinapeza mtsikana wodziwa ntchito imeneyi. Iye anajambulanso chakale chija pa sikana, naika pa muyeso wa madontho 600 pa inchi kuti chikadzakulitsidwa chisadzaoneke mbuu. Choyamba anasunga chimodzi chosakhudzidwa konse. Pa chinzake ndipo anayamba ntchito ndi pulogalamu ya Photoshop, imene inatuluka mu 1990 ndipo ojambula ambiri amaigwiritsabe ntchito. Anakulitsa nkhope mpaka diso limodzi linadzaza galasi lonse la kompyuta. Pa mzere wa popinda ankatapa maonekedwe a nsalu pambali pomwepo ndi kumata pong'ambikapo pang'onopang'ono, monga momwe inu mumadulira chigamba kumpendero kwa chitenje chomwecho. Banga la paduku analichepetsa, ndipo mbali zimene zinazilala anazidetsako pang'ono kuti maso aoneke. Pa kachizindikiro kalikonse ankayamba wafunsa: "Agogo, apa ndichotse kapena ndisiye?" Mphini anasiya. Tizala anasiya. Mitundu sanapakemo. Ngodya yodyedwa ija amayi aakulu anati ikhale choncho, pakuti chimene chinapita ndi chiswe palibe angachibweze. Ntchitoyo inatha dzuwa litalowa, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitatuluka m'makina, amayi aakulu anachigwira nati, "Eya, awa ndiwo mayi anga."

Tsono inu amene muli ndi zithunzi zotere, mverani. Popita kukakonzetsa, tengani munthu wamkulu amene ankamudziwa mwini nkhopeyo, akhale pambali pa wokonzayo. Chakalecho musachitaye ngakhale chatsopano chikongole bwanji, ndipo musalole kuti achimate ndi pulasitiki wotentha uja, chifukwa akamata samatukanso. Musachimatenso ndi selotepi kapena guluu. Chikakakamira ku galasi la felemu musachikoke. Chipite ndi galasi lomwelo, akachijambule chili momwemo. Chikanyowa musachipukute, ingochiyanikani chagada pamthunzi. Adani a chithunzi ndi chinyezi, dzuwa, utsi wa kukhitchini, chiswe ndi mphemvu. Chiikeni mu envulopu yoyera, m'chitini chotseka bwino, pamalo okwera ndi ouma. Pakhoma pachikani chatsopano, chakale chigone mumdima.

Ngati kwanu sikana kulibe, foni ya mwana wanu ikhoza kuthandiza. Goneketsani chithunzi patebulo, pakhonde pamene pali kuwala koma popanda dzuwa, zimitsani kagetsi ka kamera, ndipo foniyo iyang'ane pansi molunjika, osapendekera. Potumizira abale a ku Johannesburg kapena ku Harare pa WhatsApp, tumizani ngati Document, chifukwa njira ya masiku onse ija imachepetsa chithunzi ndi kuchichotsa mphamvu. Musungenso m'mafoni a abale awiri kapena atatu, pakuti foni imabedwa ndiponso imagwera m'madzi.

Chachikulu koposa ndi ichi. Usiku umenewo, pa kuwala kwa tochi, amayi aakulu anandiuza tsiku limene chithunzicho chinajambulidwa, mtengo umene agogo anaima patsinde pake, ndi mayi amene anawatema mphini ali namwali. Ndinalemba dzina, mfunda, mudzi ndi chaka kumbuyo kwake ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, imene inki yake imalowerera. Zina zonse ndinalemba m'kope. Akanakhala kuti amayi aakulu anatisiya chaka chatha, bwenzi pa chiliza titakweza nkhope ya mlendo, ife tonse n'kumaombera m'manja.

Lamulungu likudzali, mukatha kutsuka mbale, tsegulani bokosi lija. Tengani zithunzi zonse, mupite nazo kwa apongozi, kwa azakhali kapena kwa agogo amene akadali moyo, ndipo pa chilichonse muwafunse kuti, "Kodi awa ndani?" Pensulo musaiwale.