Prado yatsopano pa Great East Road: migodi siiopa, koma thumba lilimbe

Ine kumudzi ku Katete nimayenda na basi. Nimauka 04 hours, nimalimbana na ma call boy pa Intercity, nakhala pa mpando wofinyika, saladi na shuga ya amai ili pamendo mpaka kufika. Ndiye pamene mulamu wanga ananitumila foni pa Chisanu usiku ati, "Mulamu, mailo niyenda ku Chipata kukatenga ba boss, bavomela ati ningakunyamule, nizakusiya pa Katete," sininafunse kawili. Mulamu ni draiva pa kampani ina mu tauni. Ba boss ake anapita kum'mawa na ndeke, motoka inali kuwalondola pansi.

Sananiuze kuti ni motoka bwanji. Pa 05:30 chinthu choyela chinalowa mu kanjila kathu mu Mtendere, malaiti monga maso a chona. Azimai amene anali kupyanga panja anaima, nsache kumanja. Ba landlord anasuzumila pa windo, anayangana motoka, anayangana ine. "Kansi muli na babululu ba so, manje rent ivuta chani?" Ninangoseka, nakwela.

Motoka yake ni Land Cruiser Prado yatsopano, imene akuti 250. Toyota inaionetsa mu August 2023, kugulitsa kunayamba mu 2024. Ija yakale imene tinazolowela, ya 150, inabwela mu 2009, ndiye ganizani zaka zimene anthu anayembekeza. Iyi anaipanga monga bokosi, makona osabisa, ikumbutsa ma Land Cruiser akale a ku zipatala za mishoni. Tayala la spare silili pa chitseko cha kumbuyo, analiika pansi. Musaiwale nkhani ya tayala iyi, tizabwelelako.

Mukati ni dziko lina. Mipando ni 7, ya chikumba, ndipo wa kutsogolo umatulutsa kamphepo kozizila kumsana. Screen ya pakati ni 12.3 inch, ichila ka TV ka mu barbershop ya pa kona. Pakati pa draiva na iwe pali kabokosi kozizilitsa madzi. Makamela aonetsa mbali zonse, ndiye potuluka mu komboni mulamu anali kuona ngalande na mwana wa pa njinga osapotola khosi.

Tinadutsa Munali, Chelstone, roundabout ya ku airport, dzuwa likutuluka kutsogolo kwathu. Pa toll gate ya Chongwe ndiye ninafunsa funso limene aliyense wa mu komboni amayambila: "Mulamu, ni V8?"

Anaseka. "V8 inasila, iwe. Bantu bakonda chabe zina."

Zoona. Olo mukulu wake, Land Cruiser 300, anasiya V8 mu 2021, anaika V6. Prado imene tinakwela ili na injini ya dizilo ya 2.8, ma cylinder 4 chabe, ya banja limodzi na ija ya mu Hilux na Fortuner. Mphamvu ni 150 kW na 500 Nm. Magiya ni 8, isintha yokha. Manambala aya kwa ine sanali kutanthauza kanthu mpaka tinapitilila Rufunsa na kulowa mapili a Manenekela.

Amene mumapita kum'mawa muwadziwa malo aja. Mseu ukwela, upotoka, utsika, kumbali kuli phompho, kutsogolo kuli thilaki ya ku Malawi kapena ku Mozambique ikuyenda monga nkhono. Mu basi apa ndiye azimai amayamba mapemphelo. Mu Prado mulamu anali kuyembekeza mpata woongoka, aponda pang'ono, thilaki yatsala kumbuyo. Palibe kulila kwa injini, palibe kugwedezeka. Migodi ya pa mseu unali kuimvela patali, monga munthu agogoda chitseko cha neba.

Mawilo onse 4 amakoka nthawi zonse. Pali giya ya pansi ya mu matika na mumchenga, pali batani lomanga mawilo a kumbuyo kuti azungulile pamodzi, pali lina lomasula chitsulo cha kutsogolo kuti tayala lifike pansi pamene motoka yapendama pa miyala. Ukayamba kuchoka mu mzele wako, imalila. Motoka ya kutsogolo ikachepetsa liwilo, nayo ichepetsa. Ninati, "Ndiye iwe nchito yako ni chani manje?"

"Mulamu, mbuzi za ku Rufunsa sizinaphunzile kompyuta," anatelo. "Na mizele yamene iyangana, kwina inafutika kudala. Maso ni yanga."

Pa Luangwa tinaima pa msika uja wa pafupi na ulalo. Ulalo wake ni wa 1968, wopachikika pa nthambo za chitsulo, pansi mtsinje uyenda phee kupita ku Zambezi. Kutentha kwa pamalo paja mukudziwa. Unangotsegula chitseko, mphepo yotentha yakumenya kumaso monga watsegula uvuni. Nsomba zouma zili mulu mulu, madengu, mphasa, mipando ya nsungwi. Napita kwa amai ena amene nimagulako nikakhala pa basi. Mtengo umene ananiuza unali pafupi kawili.

"Amai, ndine uja wa pa basi. Mwezi wa April ninagula pano."

Anayangana nsapato zanga, anayangana Prado. "Bwana, lelo simuli pa basi."

Ndiye msonkho woyamba wa motoka iyi, ulibe lisiti.

Wachiwili ni mafuta. Thanki ya iyi ni malita 110. Yakale, ija ya spare pa chitseko, inali kunyamula 150, koma tayala litapita pansi malo anachepa. Pa ulendo wathu screen inali kuonetsa pafupi malita 10 pa makilomita 100 alionse, air-con ili kuyaka. Lusaka kufika Chipata ni pafupi makilomita 570, ndiye pafunika malita 60 kupita chabe. Tengani mtengo wa dizilo umene ERB yalengeza mwezi uno, muchulukitse mweka. Ine ninapeza kuti kudzaza thanki kamodzi ni rent yanga ya miyezi iwili.

M'mbali mwa mseu munali anyamata na zigubu, agwedeza dzanja kuitana. Dizilo yochipa, yochoka mu mathilaki. Mulamu sanayangane nakuyangana. Injini za masiku ano zimapopa mafuta na mphamvu yaikulu kupitila mu tumabowo tung'ono kwambili. Dothi pang'ono, madzi pang'ono kapena palafini, ma injector apita, ndipo ndalama yake ingagule Corolla ya second hand. Ija Land Cruiser ya agogo inali kumwa zilizonse. Iyi isankha monga mwana wa ku mayadi.

Titapitilila Kacholola, kalaiti kanayaka pa dashboard. Mulamu anaima pambali. Tayala la kumbuyo linali kupuma, bauti yakugwa ku thilaki yalowa mpaka mutu. Apa ndiye spare ya pansi inationetsa. Umalowetsa kachitsulo kumbuyo, uzungulutsa, tayala litsika na tcheni, ndiye ugwade mu fumbi kulikoka. Rim ni 18 inch, kulema monga thumba la simenti. Shati yanga yoyela, imene ninavala kuti amai anione bwino, inasanduka ya brown. Mipando ya chikumba siikuthandiza pa jeki.

Pa Nyimba, pakati pa azimai a nthochi, tinapeza mufana wa tyre mending pansi pa mtengo. Ka compressor, beseni ya madzi a sopo, matayala akale aunjikidwa. Zaka zake sizipitilila 22. Anachotsa bauti, anatseka bowo, anapopa, anamiza mu madzi kuona ngati mphepo ituluka, zonse mu mphindi 20. Pamene mulamu anali kulipila, mufana anati, "Ba mudala, niyanganeko chabe mu boneti."

Mulamu anatsegula. Mufana anaika manja kumbuyo monga ali mu chipatala. Anayangana nthawi yaitali.

"Hiace nimamasula injini, nabweza, yalila," anatelo. "Ba malume ndiye bananiphunzisa. Manje iyi, olo yazima apa, ningayambile pati?"

"Siungayambe," mulamu anayankha. "Ifuna laptop. Uilumikiza, ikuuza yeka pamene pababa. Futi ba boss banakamba ati aliyense asagwileko, ni ba dealer chabe, chifukwa cha warranty."

"Ndiye ikafela kuno?"

"Ikwela pa thilaki, ibwelela ku Lusaka."

Mufana anapukusa mutu, anaseka pang'ono. Anatiuza kuti anatsiliza Grade 12, ma results ali mu chikwama kunyumba. Makasitomala ake ambili ni a njinga, a Honda na ma minibus. Koma mamotoka amene apita pa mseu uja chaka na chaka asintha, onse ni a kompyuta, olo tuma Vitz na tuma Aqua tochoka ku Japan. "Zaka zibwela tizankala chabe ba mphepo," anatelo.

Mau aja ananikhala mu mtima kuchila mipando yozizila. Ise mu komboni tikaona motoka ya so timafunsa kuti ni zingati. Yankho ni mamiliyoni, ndipo ambili a ife sitizaigula. Ogula nayenso mtengo wa pa shopu ni poyambila chabe. Pali insurance ya comprehensive imene imalondola mtengo wa motoka, road tax ku RTSA, duty ku ZRA ngati waitenga kunja, service pa nthawi yake, matayala 4 pamodzi akatha, tracker chifukwa akawalala nawonso aikonda. Ngati ukhala kumene kulibe geti, uwonjezepo ya car park usiku ulionse, na mtima uli m'mwamba kuti ma side mirror uzawapeza m'mawa. Akulu anati ukakwatila kwa mphezi usaope kung'anima.

Koma funso la mufana wa pa Nyimba ndiye lili na ndalama yathu. Mamotoka aya achuluka: a boma, a ma NGO, a mafamu, a ma lodge a ku Mfuwe. Onse apita pa Great East, ndipo pakati pa Chongwe na Chipata munthu wodziwa kuwelenga kompyuta ya motoka ni wosowa. Warranty imatha. Ikatha, mwini wake afuna wa pafupi amene angamukhulupilile. Maphunzilo a umakanika na auto electrical aliko mu makoleji a pansi pa TEVETA, monga NORTEC ku Ndola na Chipata Trades. Kuchokela mu 2022, CDF ili na mbali ya bursary ya achinyamata ofuna kuphunzila maluso. Ninamuuza mufana kuti akafunse kwa a Ward Development Committee kapena ku council, anyamule NRC na ma results aja. Analemba pa chikatoni cha ma patch na bilo ya mulamu.

Petauke, Sinda, ndiye Katete, mapili ake aonekela patali. Pa Katete mpamene mathilaki a ku Mozambique amapatukila ku Chanida, ndipo mwezi wa August mseu umadzala na anthu opita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Mulamu anati sanganisiye pa tala na katundu. Tinapatuka mu mseu wa fumbi. Pali kamtsinje ka mchenga pamene taxi imakana nthawi zonse, nimatsilizila pa njinga ya kabaza. Mulamu anadina batani, Prado inadutsa monga palibe kanthu. Mwamuna wa pa ngolo anaimika ng'ombe zake kuti ationelele. Pa ichi sininganame, motoka iyi nchito imene anaipangila iidziwa.

Pofika pakhomo, mudzi wonse unali kumbuyo kwathu. Ana ajambula maina pa fumbi la pa chitseko. Amalume, tikalibe kupatsana moni bwino, ayamba kale nkhani ya matumba a feteleza. Amai sanasekelele. Ananikokela kuseli kwa nkhokwe, mau pansi pansi.

"Mwana wanga, ndalama zogulira chimenechi wazitenga kuti? Anthu ayamba kale kulankhula."

"Si yanga amama. Ni ya abwana a alamu, anginyamulako chabe."

Anapuma mpweya wautali. "Chabwino. Ndimaopa kuti walowa zija za usiku. Kasambe, malaya ada."

Mulamu anadya nsima na nkhuku mwamsanga, anapitiliza ku Chipata. Ine pa Sondo ninakwela basi yanga ya masiku onse, thumba la nshawa na mbatata pansi pa mpando, mwana wa neba agona pa phewa langa. Pa Luangwa amai aja ananigulitsa nsomba pa mtengo wakale, osanizindikila olo pang'ono. Pa Nyimba basi inaima mphindi zochepa. Ninasuzumila pa windo, naona mufana uja wagwada pa tayala la minibus. Chikatoni chija anachikhoma pa mtengo na msomali, pamwamba pa compressor.